Alamu Asanu ndi Awiri a Bambo Khutchumu

Pafakitale ija aliyense ankadziwa kuti a Khutchumu sayeza mankhwala ndi wotchi, amayeza ndi alamu awo.

Ntchito yawo inali pansanja yachitsulo momwe utsi wa boyila umakwera, mankhwala amadzi n'kumatsika kuchokera pamwamba, kumwa mpweya wa kaboni uli mu utsimo. Mankhwalawo akada amachita thovu, ndipo thovu likakula limasefukira m'mapaipi n'kuwononga makina. Choncho m'mawa uliwonse mkuluyu ankatapa mankhwala m'botolo, kukhutchumula, kuliika pansi, n'kuyamba kutukwana alamu awo mmodzimmodzi mpaka thovu litaphwa.

"Mlamu wakuba njinga, galu iwe! Mlamu wamabodza, usandiyandikire! Mlamu wa..." Thovu phwa. "Awiri ndi theka. Zili bwino, Mayi Kapitawo."

Mayi Kapitawo, amene anali adakali pa miyezi yoyesedwa ntchito, ankaseka mpaka misozi. Koma tsiku limene ogula mpweya wa kaboni uja ankabwera kudzaona fakitale sanaseke. A Khutchumu anatukwana wa njinga, wamabodza, wamowa, wosasamba, onse asanu ndi awiri anatha, thovu lili chiimire. Anayamba kutukwana akazi a alamuwo.

"Mayi, tsekani valavu, nsanja iime. Chiyambire ntchito ino sindinafikepo pa akazi awo."

Manijala anamva ali pakhomo. "Atseke chiyani? Alendo ali pageti! Mayi, mukangokhudza valavu imeneyo, mawa musabwere." Anathamangira alendo ake.

Mayiwo anayang'ana geji yoyezera mphamvu ya m'nsanjamo. Singano inkanjenjemera, kukwera pang'onopang'ono. Kunyumba kunali ana atatu, wowadyetsa ndi iwo okha. Akatseka, ntchito yatha. Akapanda kutseka, makina afa, mlandu ugwerabe iwo. Anagwira valavu n'kupotokola. Nsanja inangoti zii.

Manijala anabwera alendo ali pambuyo, maso ali psu. "Watseka ndani?"



"Ndine, bwana," anatero a Khutchumu, akupukuta botolo lawo ndi malaya. "Mayiwa amandiletsa, koma mukundidziwa, makutu angawa ndi okongoletsa mutu basi."

Amakaniko atatsegula nsanja anapeza thovu lafika pakhosi penipeni. Koma manijala anali atachita manyazi pamaso pa alendo, ndipo mkulu uja anapumitsidwa ntchito sabata yomweyo. Mayiwo sanaulule kuti anatseka ndi iwo. Ankati akawaona a Khutchumu Loweruka, kenako Loweruka linalo, mpaka tsiku lina uthenga unafika woti a Khutchumu atisiya.

Masiku ano pansanja paja anthu amagwira ntchito mwakachetechete ngati pachipatala, ndipo tsiku limatalika. Ntchito ya Mayi Kapitawo inakhazikika, ana ali pasukulu. Pa nthawi yopuma wina amayambitsa nkhani ya mkulu wamakani amene anatseka valavu bwana ataletsa, onse n'kufa nazo nseko. Mayiwo amangonyamula kapu yawo n'kutuluka panja. Mpaka lero sanauze munthu.