Tiyi wa M'mphuno mwa Bambo a Selina

"Ndapha! Mayo ine, ndapha munthu!"

Ndinakuwa choncho ine, ndi pakamwa panga pomwepa, lero lomwe lino la Domingo, Lamulungu, anthu akuchokera ku misa. Palibe anandifunsa, palibe anandigwira, ndinadziulula ndekha mudzi wonse ukumva. Ndipo munthu ndinamuphayo ndi uyu wakhala pampandopa akuyetsemula, ali moyo ndithu, kungoti sakundiyang'ana.

Akomadire anga, anzanga apamtima a ku Lifidzi, musandiimbire, ndapota nanu. Ndikulemba nditabisala kuseri kwa matumba a chimanga, mumdima, mukapeza mawu opindika muwongole nokha. Ndipo musaseke mokweza, ndikumva ngati akumvani kuno.

Mukuwadziwa bambo a Selina, amuna anga, aja oyendetsa kamiyau, lole ija ya mbatata, kupita ku Tete. Mkonono wawo sindichita kukuuzani, mudaumva nokha pamaliro a malume, pamene amayi onse adasiya nyimbo pakati poganiza kuti wina wayatsa chigayo. Koma chimene simudziwa n'chakuti pakati pa mkononowo amasiya kupuma. Kungoti zii. Iwe n'kudikira, n'kudikira, n'kuyamba kuganiza za nsalu yakuda, kenako khroo! ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Ine tulo ndidaiwala kalekale, ntchito yanga idali kuwagunda ndi chigongono. Tsiku lina atawodzera pachiwongolero kamiyau n'kukaima m'munda wa nyemba wa eni ake, patarau wawo, bwana mwini galimoto, adawatumiza kwa dotolo kumzinda, ndipo adabwerako ndi kamakina. Kali ngati wailesi, kali ndi paipi yaitali ndi chophimba kumphuno chomangira ndi malamba kumutu. Timakalumikiza ku batire ya sola, kamawapopera mpweya akagona, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba muno mudabwera mtendere.

Koma adandilumbiritsa. "NaMbewe, chinthu ichi asachione munthu. Ngakhale amayi. Mngoni sagona ndi chitamba ngati njovu." Ine ndidalumbira.

Ndiye kwabwera chisanu chija cha kuno chosweka nacho milomo, chimfine n'kuwagwira, mphuno zonse gwa! Makina akapopa, mpweya ulibe podutsa, iwo n'kuvula chophimba chija ali m'tulo, zii uja n'kubwereranso. Ine mantha. Lachisanu nditapita ndi khanda kusikelo ndidati ndifunseko anamwino. Anamwinowo ndi atsopano, ochokera kutali, Chinyanja sanachigwire, ndipo Chipwitikizi changa mukuchidziwa, cha kwarta kalasi, chaka chachinayi kusukulu, chidathera pa moni wa aprofesori, aphunzitsi athu. Ndidaloza mphuno, ndidachita mkonono, ndidatchula makina, iwo adamva bwinobwino, n'kundiuza pang'onopang'ono ngati akuuza mwana:

"Água fervida. Meia colher de chá de sal. Lavar o nariz."

Abale inu, mawu onse ndidawadziwa! Água ndi madzi. Colher ndi supuni. Chá ndi tiyi. Sal ndi mchere. Nariz ndi mphuno. Ndidadzimva ngati ndapambana mayeso. Atandifunsa ngati ndamva, ine mutu gwedegwede, "Sim, sim." Adandipatsanso jakisoni wopanda singano, ine poganiza kuti ndi choseweretsa ana ndidampatsa Selina, pano kaya adamutaya kuti.

Lero m'mawa bambo a Selina anavala malaya awo oyera kuti apite ku misa ku Fonte Boa, koma atafika pakhomo mutu unawalemera, anati akhala. Ine ndinati zakhala bwino, anthu onse kulibe, lero ndiwachiritsa amuna anga mwakachetechete. Mwaona kuti cholinga chinali chabwino?

Ndinawiritsa madzi. Ndinathira masamba a tiyi, osati pang'ono, dzanja lonse, pakuti mankhwala ayenera kukhala amphamvu. Mchere ndinatengera supuni ija yaikulu yomwera phala. Kulawa, epa! Lilime linakwinyika. Ndinati ayi, anamwino aja aiwala shuga, ntchito yawachulukira. Tandiuzani inu, mungawapatse amuna anu tiyi wopanda shuga chifukwa choti akudzera kumphuno? Mphunoyo si yawo yomwe? Ndinathira shuga. Mkaka sindinathire, sindine chitsiru.

Utazizira ndinauika m'kaketulo kaja ka mlomo wautali mudandipatsa paukwati, n'kuvindikira, kusefa n'kuiwala.

"Anamwino anena choncho?" anafunsa bambo a Selina akuyang'ana ketuloyo ngati ili ndi njoka.

"Anena okha. M'Chipwitikizi."

"Ndipo iwe unamva?"

"Mawu onse."

Anakhala pachitsa kuseri kwa nyumba, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yoonera kabawi. Ndinalowetsa mlomo wa ketulo mumphuno yakumanja, n'kupendeketsa. Poyamba palibe chinachitika, ine ndinawonjezera. Kenako mumphuno inayo munatuluka chinthu chofiira chakuda, chuu! pamalaya oyera aja, m'menemo muli timibulu takuda. Maso awo psuu, misozi mbwembwembwe, kukamwa kuli yasa, mawu osatuluka.

Tsono munthu ukathira tiyi kumwamba umayembekeza kuti kunsi kutuluka chiyani? Koma ine mutu unathawa. Ndinaiwaliratu kuti ndaphika ndine. Ndinaona magazi, ndipo timibulu tija ndinati ndi bongo. M'pamene ndinakuwa mawu aja.

Nzeru ina inandibwerera: mpweya! Ndinathamangira kuchipinda, khanda lili kumsana likungogundika, ndinatsomphola chophimba chija ndi mphamvu mpaka paipi inazuka kumakina, ine osaona. Ndinawaveka kumaso, n'kukoka malamba mpaka makutu anapindika. Iwo akukankha manja anga, ine ndikuti ndiko kuphupha kwa imfa, n'kumangitsanso. "Pumani, bambo a Selina! Musandisiye ndi ana!" Apume chiyani, paipi ikungolendewera m'fumbi?

Anandithawa. Anadzuka n'kuzungulira nyumba kuti akafike pamgolo wamadzi kumaso kwa nyumbayo, malaya ali psuu, chitamba chikupukusika uku ndi uku, ine pambuyo ndi ketulo m'manja. Ndipo panjira, ndendende pamenepo, amayi a kwaya atavala mipango yofanana akuchokera ku misa. Patsogolo pawo apongozi anga, amayi awo a bambo a Selina, atagwira Selina padzanja.

"Chilombo!" anakuwa mayi wina.

"Pa Domingo? Mudzi wa akhristu uno?"

Wina anagwada pomwepo n'kuyamba Tikuoneni Maria kuchokera pakati. Wina anathawira m'khola la mbuzi n'kudzitsekera. Galu wathu, amene amadya m'manja mwa bambo a Selina tsiku ndi tsiku, analuma paipi n'kuyamba kukoka, iwo kukokera kwawo, galu kukokera kwake.

Apongozi okha ndiwo sanasunthe. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Mapazi awo ndinabereka ndine. Bonifasiyo! N'chiyani chimenechi?"

Yankho linali kuyetsemula m'kati mwa chophimba, chonse n'kuda bii. Atachivula, masamba a tiyi ali pamasaya, pazikope, pandevu. Apongozi anatembenukira kwa ine, n'kundilanda ketulo. Ananunkhiza. Anaviika chala, n'kulawa. Anatafuna malovu.

"Kutsekemera kulimo. Mchere ulimo." Anayang'ana amayi onse aja, amene tsopano anali atabwerera kudzaunjikana. "Kondaine uyu."

"Amayi, si choncho..."

"Khala chete! Anzako amathira m'ndiwo mobisa, iwe ukuthira m'mphuno dzuwa likuswa mtengo? Wati njira yachidule yokafika kubongo? Ndipo wam'manga chingwe kumaso ngati ng'ombe yapangolo! Tonse takumva ukunena wekha kuti wapha. Longedza, ubwerere kwanu ku Lifidzi. Ana usiye. Ng'ombe tidapereka."

Akomadire, apa kuseka kunatha. Mukudziwa kuti kuno ndili pachitengwa, ndipo kwa Angoni ana ndi a kuchimuna. Ndinayang'ana Selina, dzanja lake likadali m'dzanja la agogo ake, ndinamva khanda likutentha kumsana kwanga. Kuti ndinene za makina, ndidalumbira. Kuti ndisanene, ndapita wopanda ana. Ndinangogwada pafumbi n'kumati, "Ndi mankhwala a kuchipatala, ndi a kuchipatala," koma ndani angakhulupirire chipatala cha m'ketulo?

Mwamwayi mawu a bambo a Selina anabwerera, okhala ngati a chule.

"NaMbewe. Unathira chiyani?"

"Zimene ananena anamwino. Meia, colher, chá, sal."

Anatseka maso. "Colher de chá ndi kasupuni kakang'ono, mkazi iwe! Dzina la supuni! Theka la kasupuni ka mchere m'madzi owiritsa, atazizira, basi. Tiyi walowa pati?"

"Nanga shuga?"

"Munali shuga?!"

Mtsikana wina wa ku sekundariya anagwa pansi ndi phwete. Koma apongozi ayi. "Wamva? Ukumuikira kumbuyo munthu wofuna kukupha. Apite lero lomwe."

Pamenepo bambo a Selina anaimirira, tsamba la tiyi lili pamlomo wam'mwamba, analanda paipi kwa galu n'kuinyamula m'mwamba onse aone. Anaulula zonse okha. Kuti ndi makina a dotolo. Kuti akagona amasiya kupuma. Kuti mkazi uyu wakhala akugona ndi diso limodzi kulondera mpweya wawo. Mpaka apa zinali kuyenda bwino, anthu anayamba kugwedeza mitu, akanangolekera pomwepo. Koma anapitiriza.

"Sapita kulikonse. Ndi mkazi wanga, ndipo ndimamukonda."

Anthu onse pabwalopo anayang'anana! Ngakhale galu anakhala pansi. Munthu amene chikwatirane sananditchulirepo mawu amenewo, ngakhale pamdima, akafuna kundiyamikira amangoti ndiwo zapsa. Lero wawanena pamaso pa amayi ake, pamaso pa kwaya yonse, mokweza.

"Kalanga ine," ananong'ona mayi wina. "Kondaine wagwira kale."

"Msanga chonchi? Ketulo sinathe n'komwe."

Ndinaona amayi aja akuyamba kusendera kwa ine, osati ndi ukali, koma akumwetulira, ndipo kumwetulirako ndiko kunandiopsa kwambiri. Wina akuti, "NaMbewe, paja ndife abale kuchokera kwa agogo." Wina akuti mawa adzandithandiza kupuntha nyemba. Ine ndinadumpha, ndinatsomphola Selina, ndinakoka bambo a Selina ndi paipi yawo yomweyo, tonse piringupiringu pakhomo, chitseko phaa! Mpiringidzo ndinaika, mtondo ndinatsamiritsa, zenera ndinatseka ndi kapulana, chitenje changa.

M'kati mdima. Ndinayamba kupapasa mitu. Uwu wa masamba a tiyi, bambo a Selina. Uwu wa zingwe zoluka, Selina. Khanda ndinalifuna pamphasa, pansi pa bedi, mpaka linalira lokha kumsana kwanga. Ndinapuma. Onse alipo. Kenako dzanja langa linagunda mutu wina, wa mpango wa kwaya.

Apongozi. Analowa nafe limodzi pampanipani uja, anakhala phee kuseri kwa chitseko, ketulo yanga ataifungatira m'kapulana ngati mwana.

Ndinagwada. Ndinati basi, andithamangitsira m'nyumba mwanga momwe. Iwo anasuzumira kwa mwana wawo, anaona kuti watanganidwa ndi kumina, n'kundikodola ndi chala.

"Sendera kuno, NaMbewe. Za ku Lifidzi zija tazisiya, ana ndi ako." Anatsitsa mawu mpaka ndinachita kuika khutu pakamwa pawo. "Apongozi ako aamuna, tsitsi lachita kuyera tili limodzi, mawu aja sanandiuzepo. Shugayo umaika wochuluka bwanji? Ndipo umayambira mphuno iti?"

Ndawauza kuti ndi tiyi chabe, ndalumbira, ndatchula oyera onse amene ndikuwadziwa. Iwo angoti, "Eya, nanenso ndikanabisa," ndipo ketulo akukana kubweza. Panja amayi a kwaya sanachoke, ndikumva makapu akugundana.

Ine NaMbewe, kuyambira lero, mphuno ya munthu sindidzaiphikiranso kanthu, ingakhale ya mlendo wochokera kutali bwanji. Chitseko n'chokhoma, tonse tilimo, ndipo wina akawauze apongozi aamuna kuti masiku ano asamagone chagada.