Madisiketi Abuluu ndi Mphatso ya Chipepeso

Lolemba
Basi ya ku Lusaka yanditsitsira katoni. Madisiketi atsopano, abuluu! A kampani akuti akuda aja a chaka chatha, amene anameza zolemba za anthu, inali ngozi chabe. Akuti ine wowagulitsira kuno ku Rufunsa ndibweze makasitomala. Makasitomala ake ati? Makompyuta kuno alipo awiri, ya kukiliniki ndi ya kusukulu, ndipo eni ake akandiona amalavula.
M'katoni mulinso:
sikipa yolembedwa "Sitiiwala"
timaginito tomata pa firiji, akuti mphatso ya chipepeso.
Firiji ku Rufunsa! Kaya.
Chondiwawa n'chakuti disiketi yakuda inameza nyimbo za Chisoli, chilankhulo cha kuno, zimene Ba Tembo, aphunzitsi, anatolera kwa okalamba ku Shikabeta kuti kwaya ya kutchalitchi iziimba. Chichokereni tsiku limenelo nkhani yanga yokwatira Esinati, mwana wawo, inaima. Ankhoswe anga anabwezedwa osapatsidwa ndi mpando womwe.

Lachiwiri
Ndavala sikipa, ulendo kukiliniki. A nesi aiwerenga pachifuwa panga. "Ba Sitiiwala, nafenso sitiiwala." Maginito alandira. Disiketi ayi.

Lachitatu
Kwa Ba Tembo. Ndagwada, tambala m'khwapa, disiketi yabuluu m'manja. Tambala wandiipitsira sikipa. Iwo atulutsa mapepala akale odyedwa ndi chiswe. "Theka lili apa, theka lili m'mutu mwangamu, ndipo mutuwu ukutha. Wolemba ukhala iwe."
Ndavomera msanga ngati mwana wopatsidwa chitumbuwa.

Lachinayi
Jenereta ya sukulu ikulira, ine ndikubaya kompyuta ndi zala ziwiri, Ba Tembo akuimba pambali panga. Esinati wabwera ndi munkoyo, thobwa lathu la kuno. Wandimwetulira! Zoona, ndaona mano.
Zonse zalowa mu disiketi. A hedi salola za kwaya kukhala m'kompyuta ya sukulu, ndiye mmenemo ndafufuta.
Amayi ake a Esinati afunsa za mapepala akale aja. Ine, ndi pakamwa pangapa: "Amayi, mapepala ndi zachikale, kolezerani mbaula." Akolezera.

Lachisanu
Disiketi ndiisunge kuti? Adani ake:
mphemvu
makoswe
fumbi la pamsewu
ana a mlongo wanga.
Nzeru zabwera! Kabati ya ku ofesi ya sukulu ndi yachitsulo. Ndaimata pamwamba penipeni pa chitseko ndi maginito a kampani. Awiri, kuti isagwe. Khoswe akafikepo tione! Ndauza ankhoswe kuti achape jekete.

Loweruka
Mu ofesi mwadzaza odzaona nyimbo zikutuluka mu disiketi: a kwaya, abusa, ankhoswe ndi jekete lawo, Esinati pakhomo ndi chigubu cha munkoyo. Ndalankhulako pang'ono za kukhulupirika kwa kampani. Ndinalankhuliranji, mayo ine!
Disiketi yalowa. Kompyuta: kwerere, kwerere. Palibe. Ndaitulutsa, ndaiuzira, ndaipukuta pa sikipa. Kwerere. Abusa aiikira manja. Kwerere.
Thukuta lili chuchuchu, maso anga agwera pa kapepala kokutira disiketi. Pali kachithunzi kakang'ono: maginito, ndi mtanda wofiira woletsa pamwamba pake. Kampani yomweyo, katoni imodzi!
Ba Tembo sanakalipe. Bola akanandimenya. Angoti: "Kachiwirinso, mwana wanga?"
Esinati wabwerera ndi munkoyo wake.

Lamulungu
Kwaya yaimba nyimbo za Chisoli zimene ikumbukira. Imodzi yathera pakati, anthu angong'ung'udza. Mkulu amene ankaidziwa yonse ku Shikabeta anamwalira nthawi ya mvula. Ndamva chisoni, ndipo aliyense anatembenuka kuyang'ana benchi langa.
Panja Esinati wandipatsa moni wa ulemu wonse: "Muli bwanji, bambo?" Bambo! Lachinayi lomweli ndinali ndi dzina.
Ankhoswe akufuna sopo amene anachapira jekete.
Kondakitala wa basi ija wabwera ndi uthenga wa a kampani: ndisataye mtima, mwezi wamawa atumiza obiriwira, olimba kuposa abuluu. Akufunsanso ngati mphatso ija yasangalatsa anthu.
Ndamuuza akanene kuti inde. Maginito aja akadali pa kabati ya sukulu, ndipo agwira zolimba.