Bata la ng'ombe zisanu ndi imodzi

Lolemba

Ndafika. Geti latsekeka lokha kumbuyo kwanga, wolikankha osamuona.

Walipira zonsezi ndi Vitumbiko, mwana wanga wa ku Joni. Akuti, "Amama, mwavutika chomene, kapumuleni kumene amapumula mabwana." Malo ake ndi loji ya m'mapiri, kummwera kwa boma, pakati pa mitengo ya paini. Usiku umodzi mtengo wake ndi ng'ombe yathunthu. Mpaka Lamulungu, ng'ombe zisanu ndi imodzi! Mkazi wake tinamulowola ndi zinayi. Bambo ake angoseka: "Ukabwereko utanenepa ngati ng'ombezo."

Mapulani anga:
1. Kugona mpaka dzuwa litakwera.
2. Osaganizira munthu aliyense.
3. Lamulungu kumuuza mwana kuti ndalama zake sizinalowe m'madzi.

Foni andilanda pakhomo, aitsekera m'kabokosi, ndasayina. Akuti kuno amagulitsa bata.

Pomasula chikwama mtima wangoti myuu. Kiyi! Kiyi wa kachipinda ka kutchalitchi, momwe timasunga mapoto a pamaliro, mabenchi ndi tenti. Zaka khumi ndi ziwiri ndikusunga ine, sindinachedwetsepo maliro ngakhale amodzi. Ndimati ndimusiyira mnzanga NyaShaba, ndaiwala. Chonsecho amuna a NyaShaba yemweyo, a Jere, ali chigonere mwezi wathunthu. Koma dzulo anamwa phala. Munthu womwa phala safa sabata yomweyo.

Lachiwiri

Ndadzuka mbandakucha ngati masiku onse. Pulani yoyamba yafa.

Kulibe tambala, kulibe wailesi, kulibe mwana wolira. Chifunga chokhachokha, chafika mpaka pazenera ngati chikufuna kulowa. Ndatuluka pang'ono kukaona kunja. Pobwera bedi layalidwa, thaulo lapindidwa ngati mbalame, maluwa othothola amwazidwa pansalu yoyera. Wayala ndani? Phazi sindinalimve. Ine maluwa otere ndimawadziwira kumanda.

Ndakumana ndi mtsikana wantchito, wavala zoyera mpaka nsapato. Ndamupatsa moni wa Chitumbuka, "Mwawuka uli?" Wanong'ona, "Tawuka makola, mama," wacheuka uku ndi uku, wazimiririka. Ndimafuna ndimufunse kwawo ndi chiwongo chake. Ndangotsala kukamwa yasa.

Lachitatu

Alendo anzanga ndawaona lero: azungu awiri ndi bwana wina wa ku Lilongwe, wamimba yake ndithu. Agona chagada m'mbali mwa dziwe losambiramo, mikanjo yoyera, manja pachifuwa, tizidutswa ta nkhaka m'maso. Ndati odi. Zii. Ndaima kudikira kuti mimba ya bwanayo ikwere. Yakwera. Ali moyo.

Chakudya chamasana:
- masamba atatu a bonongwe, yemwe ndimazula kuseri kwa bafa kwanga
- kadzira ka zinziri
- msuzi wodonthezera ngati mankhwala a m'maso
- mbale yaikulu ngati lichero

Pobwerera kuchipinda ndapeza nthambi zaziwisi zitagonekedwa panjira. Ndaima pomwepo. Nthambi panjira aliyense amadziwa kuti pali maliro. Bambo wosamala maluwa watulukira m'chifunga ndi chikwanje: "Ndikudulira mitengo waka, mama."

Kiyi ndamuchotsa m'chikwama, ndamumanga pansonga ya chitenje. Pulani yachiwiri nayo ikudwala.

Lachinayi

Lero akuti ndi tsiku lotsitsimutsa thupi. Amayi awiri osayankhula andigoneka patebulo. Andisambitsa. Andidzoza mafuta onunkhira, kenako matope. Andikulunga m'nsalu yoyera kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, manja m'kati. Ayatsa makandulo. Kanyimbo kopanda ng'oma, kopanda mawu, ngati mphepo ikuimba m'botolo. Atuluka monyang'ama, atseka chitseko.

Ine ndasambitsapo mitembo yambiri, ndondomeko yake ndimaidziwa bwino. Apa chatsala ndi abusa basi!

Ndili chigonere choncho ndamva nyimbo ina. Osati ya m'botolo ija. Amayi ambiri, kutali, mawu okoka aja timaimba potuluka ndi bokosi m'nyumba. Kwathu ku boma n'kutali, sizingamveke kuno. Koma ndazimva, tsitsi lonse nyaunyau. Ndakuwa. Abwera akumwetulira. "Ndi mphepo m'mapaini, mama. Alendo amaikonda chomene."

Lachisanu

Ndapita kukapempha foni yanga. Manijala, bambo waulemu wa mano oyera, mawu ake ngati akutonthoza wodwala: "Mayi, mwana wanu analipira kuti pasapezeke wokusokonezani. Ngakhale munthu ataimba foni kuno, sitingakuuzeni mpaka Lamulungu. Ubwino wa malo athu ndi umenewo."

Ndafunsa ngati alipo amene waimba. Wamwetulira. Wandithirira tiyi.

Zimene ng'ombe ya lero yandigulira:
- sopo wochepa ngati switi
- tiyi wamasamba a ndimu, wopanda shuga
- mutu

Mtsikana wazoyera uja wabwera kudzasintha maluwa. Wayang'ana kiyi wa pachitenje changa nthawi yaitali. Watsegula pakamwa. Watseka. Wapita. Ndikuopa, ndinene zoona.

Loweruka

Ndayenda mpaka kugeti. Mlonda kulibe, chogwirira kulibe. Ndalikankha, ndalinyengerera, ndalitukwana pang'ono. Silikumva Chichewa kapena Chitumbuka. Kunja kwake msewu wafumbi uli mbee, ngakhale njinga imodzi.

Kudziwe kuja bwana wa ku Lilongwe wayankhula koyamba. Wachotsa nkhaka diso limodzi: "Mayi, bata lotere silidula ayi." Wabwezera nkhaka ija.

Nanenso andipatsa nkhaka za m'maso. Ndadya.

Ndikudzilimbitsa mtima kuti a Jere anamwa phala. Ndanena kasanu mokweza m'chipinda. Chipindacho sichinayankhe.

Lamulungu

Foni andibwezera m'kabokosi kake, duwa pamwamba. Nditayatsa yanjenjemera m'manja kuyambira pageti mpaka pamsewu wa tala.

A Jere anatisiya Lachiwiri m'mawa. Anaikidwa Lachinayi masana, nthawi yomwe ine ndinali m'nsalu yoyera. Anthu a kumpingo anandifuna paliponse. Kuloji anaimba katatu. Mapeto ake anathyola chitseko cha kachipinda ndi nkhwangwa, patchalitchi, abusa akuona!

Ndayamba kwa NyaShaba ndisanafike kwanga. Ndagwada pakhonde, ndalira, ndipo kulira kwangako kunali kwenikweni. Amayi onse a kumpingo ali pamkeka, wondisunthira malo palibe. NyaShaba wandiyang'ana kumaso, wandiyang'ana m'mikono, wati, "Yewo. Mwasalala chomene." Basi. M'khosi mwa NyaBanda, amene wakhala akuufuna udindo wanga zaka zonsezi, mukulendewera kiyi watsopano.

Bambo a Vitumbiko akuti sindinanenepe. Vitumbiko mwiniwake waimba kuchokera ku Joni, mawu odzaza chimwemwe: "Amama, nanga? Mwapumula?" Ndati, "Ndapumula, mwana wanga, ndalama zako sizinalowe m'madzi." Pulani yachitatu yokha ndiyo yatheka, nayonso ndi bodza.

Ndakhala pakhonde masana onse. Anthu akudutsa, omwe ndadyera nawo limodzi zaka makumi atatu chikwatiwireni kuno, wopereka moni palibe. Zii, ngati kuloji kuja. Kiyi wakale akadali pachitenje, alibe chotsegula. Bata lija mwana wanga analigula ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi. Kuyambira lero anansi azindipatsa laulere.