Kalavani Yanenepa

Lolemba

Kemo, mankhwala a khansa aja, inatha masabata asanu apitawo. Tsitsi layamba kumera, lofewa ngati la mwanapiye. Chakudya chilichonse chikukomabe ngati ndikunyambita supuni. Koma ndikutha kuyenda ndekha mpaka ku bafa la pa paki ya makalavani imene tikukhala n'kubwerera osapumira panjira, ndiye kwa ine ndachira mokwanira.

Sikani yoona ngati khansa yapitadi ili masabata anayi kutsogoloku. Sindikufuna kuidikira nditakhala pano ku Midland, pomwe ndikasuzumira pawindo ndimaona msewu wa kuchipatala. Ndikufuna kukaidikirira ku Kalbarri, ndikuona maluwa akutchire asanafote. Nyumba ya ku Morley tinaisiya n'kugula kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, chifukwa cha maulendo otere. M'miyezi khumi yayenda maulendo awiri: kuchoka kwa wogulitsa, ndi kupita ku sikelo.

Tinyamuka Lamulungu. Vuto ndi limodzi. Bambo a Tadala asanabwerere ku migodi anakaiyeza pa sikelo ya magalimoto, ndipo yapitirira ndi makilo 80 pa mlingo umene galimoto yathu imaloledwa kukoka. Iwo ndi injiniya. Akuti ikapitirira ngakhale ndi kilo imodzi, sakoka.

Ndiye ntchito ya sabata ino ndi kuondetsa kalavani. Ndikuima pa sikelo yanga yaing'ono nditanyamula chinthu, kenako n'kuchotsera thupi langa. Zotuluka lero:
- mapoto akuluakulu atatu, a pa zinkhoswe
- makina osokera
- mabulangete asanu
- zitenje, sutikesi yodzaza

Zonse pamodzi makilo 46. Ineyo ndataya makilo 11 chaka chino, koma akuti amenewo sawerengera chifukwa ndimakwera kutsogolo.

Lachiwiri

Katundu ali panja, pansi pa lona. Kutaya sindingathe, mapoto amenewa ndinabwera nawo pa ndege kuchokera kumudzi. Ndajambula zonse n'kuika pa gulu la pafoni la amayi a kumpingo: "Ndikugawa katundu wanga. Ofuna abwere adzasankhe, ndi zitenje zomwe."

Za ulendo sindinatchule. Ukalengeza ulendo, aliyense amakhala ndi msuweni woti ukamuone panjira.

Gulu limeneli ukalembapo zoti uli ndi mabotolo aulere, anthu amafika usanatseke foni. Lero kuli zii. Onse awerenga, palibe woyankha. Patapita ola, Mayi Banda, apampando athu, atumiza kachithunzi ka manja opemphera. Kenako wina vesi. Kenako wina nyimbo.

Ndiye kuti zitenje zanga zinatha fashoni. Zandiwawa pang'ono.

Tadala waimba ataweruka kuntchito. Ndamufotokozera m'Chichewa, wayankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno kuti ndachita bwino kwambiri, kuchepetsa katundu kumapepukitsa maganizo. Mwana wokulira kuno. Sanaone vuto lililonse, monganso amake.

Lachitatu

Magalimoto atatu, 10 koloko m'mawa. Amayi asanu ndi anayi m'kalavani ya anthu awiri, nsapato zaunjikana pakhomo ngati pa kaunjika. Mayi Banda akhala pa bedi, ena pansi. Mayi Zulu, a ku Chipata, aima m'kachimbudzi chitseko chili chotsegula.

Akuyankhula motsitsa mawu. Aliyense akundipatsa moni ndi manja awiri, osafulumira kusiya. Apa m'pamene ndazindikira. Munthu wa khansa akayamba kugawa zitenje zake, kwathu tanthauzo lake ndi limodzi basi.

Ndafotokoza zonse: sikelo, makilo, maluwa. Amvetsera mwaulemu. Mayi Banda apukuta maso n'kuuza anzawo kuti aone kulimba mtima kwanga, mpaka ndikuyesa kuwaseketsa. Ndikati ndili bwino, akugwedeza mitu mwachisoni. Ndaimirira n'kuvina pang'ono kuti adzionere okha. Chizungulire chandigwira, ndakhala pa miyendo ya munthu. Sizinathandize.

Sanatenge ngakhale chinthu chimodzi. "Musatero mayi, mudzazivala nokha zimenezi." Alowetsanso zonse m'kati kuti zinganyowe ndi mvula.

Zimene abweretsa, poti wodwala sazondedwa chimanjamanja:
- ufa, thumba la makilo 10, wogula ku shopu ya ku Mirrabooka
- nyemba, mpunga, nsinjiro
- nkhuku zinayi zouma gwa ndi ayezi
- bulangete lolemera, la chithunzi cha kambuku
- makina ofinyira zipatso
- madzi opempheredwa, zigubu ziwiri

Ndathokoza mowomba m'manja. Mphatso ya wodzazonda sibwezedwa. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa 4 koloko anali akadalipo.

Kalavani tsopano yapitirira ndi makilo 124!

Lachinayi

Bambo a Tadala atsika ndege kuchokera ku migodi, apeza abambo anzawo asanu atakhala kale panja pa mipando yopinda, amayi ali m'kati. Kakhalidwe kameneka ndikukadziwa. Changosowa ndi kwaya.

Agogo achizungu a kalavani yoyandikana nafe afunsa ngati kuli phwando. Apatsidwa mpando ndi tiyi. Akhala maola awiri, apita, abwerera ndi dzungu.

Achemwali anga aimba kuchokera ku Dedza, akulira. Nkhani yafika kumudzi m'masiku awiri, pomwe phukusi limatenga miyezi itatu. Atatontholako ati makina osokera ndisapatse munthu wachilendo.

Alendo atapita, bambowa akhala pa sitepe ya kalavani osavula nsapato za kuntchito. Laputopu sanatsegule, za makilo sanafunse. Angoti, "Amayi a Tadala, pali zimene adokotala anakuuzani zoti simunandiuze?"

Ndati palibe. Ndabwereza kuti palibe. Kenako ndawauza zoona zenizeni, kuti sikaniyo ndikuiopa. Ati nawonso. Zaka 27 m'banja, aka n'koyamba kuwamva akuvomera chinthu chopanda nambala. Takhala pa sitepepo mpaka mphepo yatilowetsa m'kati, momwe mulibe pokhala.

Lachisanu

Njira yatsopano: mwakachetechete. Mphatso sizingachoke, ndiye achoke ndi katundu wanga. Mamawa tanyamula mapoto, mabulangete anga ndi makina osokera, takasiya ku shopu ya zachifundo ku Morley, komwe anthu amasiya zinthu zakale. Makilo 39 atuluka. Nditabwerako ndagona maola atatu ngati ndimalima.

Tayesanso kuchepetsa mphatso pozidya. Ine ndadya theka la ntchafu ya nkhuku. Bambowa adya mbale ziwiri za nyemba, akuti podzipereka chifukwa cha ulendo. Kalavani mawindo ake ndi aang'ono.

4 koloko, Mayi Zulu pakhomo, thukuta lili kamukamu. Amagwira ntchito ku Morley komweko, ndipo pa lanchi amakonda kuzungulira m'mashopu. Aona mapoto pa shelefu, atembenuza mmodzi. Pansi pa poto aliyense pali zilembo za dzina langa, zimene ndinalemba ndekha ndi penti ya m'zikhadabo kuti asamasochere pa zochitika za mpingo. Agula onse, ndi makina omwe. Akuti mtima sukanawalola kuti katundu wa mlongo wawo apite kwa anthu osamudziwa, mwini wake akali moyo. Mawu oti "akali moyo" awanena akundiyang'anitsitsa.

Komweko aonanso njinga ya olumala yooneka bwino, ndiye aitenga. Ili pakhomo.

Penti ija inali yabwino. Zaka 15 osafufutika.

Loweruka

Ku sikelo sitinapite. Bambowa angoyang'ana matayala n'kupukusa mutu.

Mayi Banda abwera okha, ndi pepala: ndandanda ya odzazonda, masabata atatu kuyambira mkuja, awiriawiri, m'mawa ndi masana. Aimata pa chitseko cha firiji osafunsa. Apa ndapsa mtima. Ndawauza kuti sindikufa, kuti ndatopa ndi kuyang'anidwa ngati bokosi lafika kale, kuti ndimangofuna kukaona maluwa ngati munthu wina aliyense. Mawu akwera. Agogo a dzungu atseka windo.

Iwo sanatekeseke. Adikira kuti ndimalize, kenako ati, "Miyezi isanu ndi umodzi ya kemo mumatiuza kuti muli pa shifiti kosamalira okalamba. Tinamva tsitsi litatha kale. Mayi, tinachita manyazi. Pano mutipirire."

N'zoona. Bambowa akakhala ku migodi ndinkapita ndekha kuchipatala, n'kubwerera ndekha, mpango kumutu, foni yozimitsa. Ndinkayesa ndikuwapeputsira mtolo. Sindinaganizepo kuti ndikuwamana chinthu.

Ndawathirira tiyi. Amwa, asiya mandasi, jumbo yodzaza. Sindinayeze.

Lamulungu

Tanyamuka 9 koloko monga mwa pulani. Woyang'anira paki wati magalimoto a alendo athu akutseka njira, ndiye watisamutsira kumalo a kumapeto, pafupi ndi mpanda, komwe kuli poimika magalimoto. Bambowa amangirira kalavani ku galimoto. Akuti pa liwiro la munthu woyenda pansi, komanso m'kati mwa paki, chikumbumtima chawo chikulola. Ine ndakhala kutsogolo ndi chipewa, magalasi a dzuwa ndi botolo la madzi pamiyendo. Ulendo wa mphindi zitatu, kuphatikizapo kubwerera m'mbuyo kawiri.

Zimene taona panjira:
- mabini
- galu wa woyang'anira paki
- agogo a dzungu, akutibayibitsa

Ku Kalbarri sitipita chaka chino. Zandipweteka. Ndalira pang'ono m'galimoto pamene bambowa amalumikiza magetsi, iwo anamizira kuti waya wavuta kuti ndimalize.

Masana ndaima pa firiji kuwerenga ndandanda. Ikutha kutatsala tsiku limodzi kuti sikani ifike, poti tsikulo sindinauze munthu wa kumpingo. Ndatenga foni, ndalemba pa gulu tsiku lake, nthawi yake, ndi zoti ndikufuna anthu awiri ondiperekeza chifukwa ndikuopa. Chala chakhala pa batani nthawi yaitali ndisanatumize.

Mayankho 31 m'mphindi khumi. Ndaonjezera kuti chonde, asabweretse kanthu. Onse ati amva.

Ndauza bambowa kuti achotse tayala la sipeya pansi pa bedi, tipeze malo.