Mwala wa Aigupto Pafiriji

Lolemba
Kampani yathu ya kunja kuno, ku Citywest, inatseka, nthawi ndili nayo yotayira nkhuku. Mwana wanga Tadala wabwera ndi homuweki: mmene akatswiri anatulukira kawerengedwe ka zilembo za Aigupto akale. Akuti anapeza mwala wolembedwa uthenga umodzi m'zilembo zamitundu itatu. Chigiriki ankachidziwa, ndiye chinawatsegulira zinazo. Nzeru ndi imeneyi! Lamulungu tikuimbira foni amayi ku Dedza. Akudwala, ndipo sanamvepo mdzukulu wawoyu akulankhula Chichewa. Tadalayo kumva amamva, koma poyankha ndi Chingerezi chokhachokha.

Lachiwiri
Mwala wanga ndi katoni. Pamwamba zithunzi, pakati Chichewa, pansi Chingerezi. Galu, mpando, mvula. Ndamata pafiriji. Tadala akuloza galu wanga: "Dad, is that a goat?"

Lachitatu
Akatswiri aja anayambira pa mayina a mafumu, ozunguliridwa ndi mzere. Nanenso ndazunguliza AGOGO. Wawerenga bwinobwino, kenako wapempha rimoti.

Lachinayi
Mayi ake a Tadala akuchokera kuntchito yosamalira okalamba, miyendo itatupa. "Bambo a Tadala, ma CV mwatumiza lero, kapena mukujambulabe mbuzi?" Katoni yalowa m'bini. Mwala wa Aigupto unapirira mchenga ndi nkhondo, wanga wagonja kwa mkazi wotopa.

Lachisanu
Aphunzitsi amuyamikira Tadala. Dzina lake walilemba m'zilembo za Aigupto: mkate, muimba, dzanja, mkango, zonse m'malo mwake. Za anthu amene anafa kalekale akuzitha, koma "Mwadzuka bwanji, agogo?" ikumukanika. Zikundiwawa, sindinama.

Loweruka
Ndawerenga homuweki ija mpaka kumapeto. Kani mwala wokha sunakwane! Mfalansa amene anamaliza ntchitoyo ankadziwa Chikoputiki, chilankhulo cha Aigupto chimene m'makomo chinazilala, n'kungotsala m'tchalitchi, ansembe akupempherera. Ndaseka chikhakhali. Mtundu wathunthu kusiyira ansembe chilankhulo!

Lamulungu
Misa ya Chichewa ku Ballymun, kenako foni. Amayi mawu akumveka patali: "Tadala, tandilankhula, mwanawe." Ndikumukodola ndi chigongono. Mwadzidzidzi akuyamba Atate Athu, m'Chichewa, mpaka pa Amen, osaphonya ndi liwu limodzi lomwe. Amayi akululutira, chifuwa chikuwadula. "Iiii, Chichewa chake chokoma! Nanga wadya chiyani lero, mwanawe?"
Tadala akundipatsira foni.
Dzulo ndimaseka Aigupto.