Kechipointi Yanga ndi Phazi la Tiyamike

Lolemba
Programa yathu yoyeza kulemera kwa makamyau, malole a malasha ochokera ku Moatize, yayambanso kukomoka. Chifukwa chake palibe akuchidziwa. A shefe, abwana anga, akuti ndikaikonza, Loweruka ndipita kwathu ku Angónia. Mwana wanga Tiyamike wayamba kuima chogwira mpando. Phazi lake loyamba ndikufuna ndikalione ndi maso angawa, osati kumva za m'maluwa.

Lachiwiri
Ndatsegula dibaga, chida chathu chosakira zolakwika mu programa. Misampha yake:
- brekipointi: umaitchera pamzere umodzi, programa ikafika pamenepo imaima, ngati kamyau kwa wapolisi wa pamlatho.
- kechipointi: ilibe malo. Imangodikira chinthu chichitike, kaya chichitikira kuti.

Mabrekipointi ndamwaza paliponse. Kechipointi imodzi yokha, yodikira kukomokako. Koma kuno ku Tete kutentha! Kwathu m'mawa uno anthu adzuka ndi majuzi.

Lachitatu
Programa ikuima paliponse kupatula pamene pali vuto. Kamyau ikangokwera pa balansa, sikelo yathu, msampha wanga wina wagwira. Mzere wafika kumsewu, mahutala okhaokha! Dalaivala wina wa ku Malawi wasuzumira pazenera: "Achimwene, makina anuwa ali ndi malungo?"

Mayi a Tiyamike aimba foni. Mwana wasiya mpando, waima yekha, wagwa chokhala. Ndawapempha amuuze kuti adikire bambo ake. Angoseka.

Lachinayi
A shefe akalipa, akuti zoimitsa makamyau zichoke lero lomwe. Ndalemba lamulo lofufuta, osatchula nambala. Dibaga yafunsa ngati ndatsimikiza kufufuta mabrekipointi onse. Ndavomera ndi mtima wonse. Kechipointi dzina lake ndi lina, zimenezi sizikuikhudza.

Madzulo ndagula tinsapato tofiira kumsika wa ku Matema. Ndayeza ndi chala, mmene ndikukumbukirira kaphazi kake.

Lachisanu
Yakomoka! Ndathamangira ku komputa mtima uli m'mwamba, poti msampha wagwira. Kuyang'ana, palibe chagwidwa. Kechipointi kulibe.

Ndawerenga malangizo a dibaga, amene ndikanawerenga Lachiwiri. Mkati mwakemo, kechipointi ndi mtundu chabe wa brekipointi. Zimasungidwa pamodzi, manambala zimalandira pamzere umodzi. Mayina osiyana, mfunda umodzi. Ukati onse achoke, amachoka ndi msuweni yemwe. Vuto labwera, ladutsa, osasiya ngakhale phazi.

Loweruka
Ulendo kulibe. A shefe akuti vutoli limabwera pamene lafunira, ndiye pakhale munthu wolidikira. Munthuyo ndine.

Ndapitabe kokwerera shapa, maminibasi a kwathu, kukangoona. Matumba a kachewere akutsitsidwa, dothi la kumunda lidakali pompo. Ndaima pafupi kununkhiza ngati wamisala. Tinsapato ndapatsira mayi wina wa kumudzi kwathu. Ndawasowa anthu anga.

Lamulungu
Foni m'mawa.

"Bambo a Tiyamike, mwana wayenda. Kuchoka pakhomo mpaka kukhola la mbuzi."

Ndafunsa ngati angabwerezenso ndikabwera. Akuti akubwereza kale, nyumba yonse ikumuthamangitsa. Tinsapato tafika, koma tamuthina.

Ndapita ku ofesi, ndatcheranso kechipointi, ndakhala pansi. A shefe akuti ndisadandaule, vuto lathuli libweranso ndithu. Ilo inde. Phazi loyamba lija ndiye ayi.