Atsibweni Anakana Kutsika M'pikapu Yanga

Mukadzafika kwathu ku Nsaru n'kumva ana akukuwa kuti "Tafika, tsikani!" bambo wina wamimba akudutsa, musadzavutike kufunsa kuti akunena ndani. Ndine. Ndipo poti nkhaniyi aliyense akuikamba mmene akufunira (ena akuti ndinakomoka, bodza, sindinakomoke), ndati ndiifotokoze ndekha.

Ndili ndi pikapu yakale ya dizilo, ndipo ndi imene imatidyetsa pakhomo. Tsiku la msika ndimanyamula amayi a mtedza, tomato ndi nkhuku kupita nawo ku Kabudula kapena ku Namitete. Amayi amenewa akasiya kukwera, kwathu moto suyaka. Mpando wakutsogolo unali ndi mwini wake, atsibweni anga a Likisho, omwe anayendetsako thirakitala kuesiteti ya fodya ali mnyamata, ndipo chiyambire pamenepo ankadziyesa dokotala wa injini iliyonse. Sankalipira, sankatseka pakamwa, ndipo jekete lawo lakuda sankalivula ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Tsiku lina m'chilimwe pikapu inawira pa Mpingu. Ine ndinatsetserekera kudambo ndi chigubu kukasaka madzi, pobwera ndinawapeza akupukuta manja.

"Ndakonza, mphwanga. Thira madzi tizipita."

Sinawirenso. Ndinawagulira chipisi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Atsibweniwo anatisiya kumapeto kwa Meyi, ndipo thupi lawo ndinalitenga ndine kuchipatala. Titafika pasiwa, akazi awo a Nabanda anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Musanatsitse bokosi muwauze kuti afika. Munthuyu galimotoyi ankaikonda." Tsono ine ndine wapampando wa mphakati, ndipo akwaya onse anali chiimire pomwepo. Ndinayankha kuti, "Mayi, ife timapemphera, zolankhula ndi maliro sitichita." (Ndinayankha mokweza dala, kuti akwayawo amve.) A Nabanda anangondiyang'ana n'kusiya mkono wanga.

Juni atalowa, pikapu inazizira. Sindikunena kuzizira kwa m'mamawa kumene galimoto iliyonse imakhala nako ayi. Kamuvi ka geji yoonetsa kutentha kwa injini kanagona pansi n'kukana kudzuka. Ndinkayenda kuchoka ku Nsaru mpaka ku Kabudula, n'kutsegula boneti, n'kuika dzanja painjini: fundefunde basi, ngati tiyi wa dzulo. Utsi unkatuluka woyera, mphamvu kulibe, dizilo akungotha. Hita inkauzira mphepo yozizira m'miyendo. Galasi lakutsogolo linkachita nthunzi, ndipo ine m'maso mwanga nthunziyo inkachuluka mbali ya atsibweni.

Koma chimene chinkandiimitsa tsitsi ndi ichi. Pokwera chitunda kamuvi kaja kankayesa kudzuka pang'ono. Tikangoyamba kutsetsereka kulowera kudambo, pamene pali msitu wa kumanda kwathu, kankatsika pang'onopang'ono ine ndikuona, mpaka kugoneratu.

Ndinalakwa kuuza akazi anga. Iwo anauza mnzawo mmodzi yekha pamjigo, ndiye mukudziwa kale.

Lachitatu lotsatira Mayi Phiri a tomato, omwe atsibweni atapita anathamangira kulanda mpando wakutsogolo, anati akufuna kukhala kumbuyo kuti apitidwe mphepo. Mphepo, mu Juni! Sabata inayo anakwera kabaza. Anzawo anatsatira mmodzimmodzi, mpaka ndinayamba kuima pasiteji ndekha ngati wogulitsa nyama yowola. Mayi wina anandiuza maso ndi maso kuti, "Pepani bambo, galimoto yanu muli kale munthu. Sitingapanikizane ndi a Likisho, eti."

Ndinayamba ndi nzeru. Ndinagogoda geji ndi chala, osasuntha. Ndinatseka rediyeta ndi katoni ya sopo, kamuvi kanadzuka pang'ono, katoni n'kuuluka pa Nambuma. Kenaka ndinaganiza zomafunditsa boneti bulangete pogona kuti injini isamagone ndi chisanu. Apa ndiye ndinadziwotcha ndekha, chifukwa odutsa m'mamawa ankaona chinthu chachitali chofunditsidwa bulangete pabwalo panga, ena mpaka ankavula zipewa. Nzeru zitatha ndinathira madzi odalitsa murediyeta (abambo mfumu asamve zimenezi). Kamuvi kali gone.

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Ndinkayendetsa khosi litauma, osafuna kucheukira kumanzere. Tsiku lina ndinadzipeza ndikupepesa nditagunda bampu.

Ndiye m'mawa wina ndinadzuka kusanayere bwino, ndatsimikiza mtima kuti ndikachite zimene a Nabanda ananena, anthu asanayambe kuyenda. Nditatuluka panja ndinapeza boneti ili pamtunda. Bulangete palibe. Mphepo kunalibe usiku umenewo, ndipo galu sanauwe. Ndinaima kaye, koma ndinati ndikabwerera m'nyumba sindidzatulukanso. Ndinaliza galimoto n'kunyamuka.

Kudambo kunali chifunga choti sungaone mbuzi ili pamphuno pako. Kamuvi kanatsika monga mwa masiku onse. Ndinaima pakanjira kolowera kumanda, poti kwathu kuno msitu umenewo salowamo chilowelowe. Kunali zii, ngakhale mbalame imodzi osalira, injini yokha ikugogoda. Ndinatsika, n'kuzungulira, n'kutsegula chitseko cha atsibweni. Ndinavula chipewa. Ndinagwada, inde, wapampando wa mphakati, mawondo onse awiri m'mame, n'kuwomba m'manja katatu.

"Atsibweni, ndinalakwa ine mwana wanu. Ndinachita mwano pamaso pa anthu. Tafika, tsikani."

Pikapu inagwedezeka.

Sindikuwonjezera. Masipuling'i akumbuyo analira, kwiii, lona wophimbira katundu n'kutukuka. Chinthu chachitali chofunda bulangete kumutu chinatsitsa mwendo umodzi, kenaka winawo, chinatsokomola, n'kunena ndi mawu okoka, "Zikomo, mwandithandiza."

Abale anga, thupi ili ndi lolemera, koma tsiku limenelo linauluka. Ndinadutsa m'munda wa mapesi, ndinalumpha mizere, patapata mmodzi anatsala m'matope ndipo sindinamutsanzike. Ndikuthamanga ndinkafuula Atate Athu, koma ndinkangobwereza mzere woyamba. Ndinakagwera pakati pa amayi omwe ankapita kudimba ndi makeni, n'kuwauza kuti, "Atsika! A Likisho atsika!" Amayiwo anataya makeni, tonse liwiro kulowera kumudzi.

Anthu atasonkhana n'kupita ndi zibonga, chifunga chinali chitayamba kubalalika. Anapeza pikapu ikulirabe, zitseko zili pululu, ndipo pamwala panakhala a Jailosi, mkulu wina wa kutsidya kwa dambo amene kachasu amamudziwa dzina. Usiku wapitawo miyendo inawakanira pafupi ndi kwathu, anaona bulangete paboneti, anati galimoto siimva chisanu, n'kukagona nalo kumbuyo pansi pa lona. Anadzidzimuka akumva munthu akuti tafika, ndipo atasuzumira anaona kuti ndi njira yakwawodi.

"Koma a tcheyamani ulemu ali nawo," anatero a Jailosi pamaso pa gulu lonse. "Kunditsitsa chogwada, m'manja akuwomba. Ndiye kunditchula atsibweni!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mayi Phiri anaseka kwambiri kuposa onse. Akwaya analiponso.

Tsiku lomwelo, manyazi atandikwana, ndinapita nayo kwa a Mwale, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango ku Namitete (kumene ndikanayambira, ndikudziwa, musandiuze). Anailiza ili yozizira n'kugwira paipi yapamwamba ya rediyeta. Anati paipiyo siyenera kufunda msanga chotero, ndiye kuti madzi akungozungulira osaima. Anamasula mabawuti pamene paipiyo imalowera muinjini, n'kundionetsa m'kati. Munali mbee.

"Themositati ili kuti, bambo?"

"Chiyani?"

"Kachitsulo ka sipuling'i. Kamatseka madzi kuti injini iyambe yatentha, kenaka n'kutsegula. Anthu amakonda kukachotsa galimoto ikawira, amati n'za kumayiko ozizira. M'chilimwe simuona vuto, koma Juni akafika ndi zimenezi. Potsetsereka injini sigwira ntchito, mphepo ya kudambo ikuwomba rediyeta, kamuvi kalekeranji kutsika? Anachotsa ndani?"

M'maganizo ndinaona Mpingu, chigubu, ndi munthu akupukuta manja.

A Mwale anaikamo kena. Pobwerera kamuvi kanakwera n'kuima pakati, hita n'kuyamba kuwotcha miyendo. Ndinapita molunjika kwa a Nabanda, mtima uli m'malo, kuti ndikawauze kuti nkhani yonseyi inali ya kachitsulo chabe. Anandimvetsera akusenda mtedza pamkeka, osadzutsa mutu.

"Kachitsulo kozungulira, kokhala ndi sipuling'i?" anafunsa.

"Komweko! Munakaonapo?"

"Kanali m'thumba la jekete lawo. Ankati n'ka galimoto ya mphwawo, adzakabwezera kukayamba kuzizira." Anathyola mtedza wina. "Jeketelo tinawaveka. Kali komweko."

Kenaka anadzutsa mutu n'kundifunsa kuti, "Nanga yayamba kutentha liti? Si lero, mutawauza kuti atsike?"

Ndinayesa kufotokoza za a Mwale ndi mabawuti, koma iwo anali atabwerera kale kumtedza wawo.

Amayi amsika anabwerera, ndipo a Mwale sawatchula n'komwe. Amati galimoto inachira chifukwa tcheyamani anagwada. Ine ndimawatsutsa mwamphamvu, ndimawauza kuti injini ndi injini. Koma mpando wakutsogolo mpaka lero palibe amene amaufuna, ndipo tikamatsetsereka kudambo lija maso anga amakhala pakamuvi. Kakangoti tsike pang'ono, ndimachepetsa liwiro, n'kutsokomola kuti akumbuyo asamve, n'kunena chapansipansi kuti, "Atsibweni, ndi pano."